FULUWENZA IKATIPEZA KUCILENDO

Nyengo yacisanu ikafika kuno kumwera, mphepo ndi kumalowa pansi pa citseko usiku, timayamba kumva kutsokomola m'komboni, cipinda ici lero, cina mawa, ndipo tidziwa kuti fuluwenza yabweranso monga icita caka ndi caka. Ambiri a ife tiipeputsa nthenda imeneyi, tinena kuti ndi cimfine cabe, mwamuna sagona naco. Tifuna kukamba nanu za iyo lero, ndipo tikamba monga anthu okhala kutali ndi kwao, pakuti kudwala kumudzi ndi kwina, kudwala kucilendo ndi kwinanso.

Kumudzi munthu akagona pamphasa ndi nthenda, amai ace amphikira phala, mlongo wace amtungira madzi, mbale wace asonkha moto, ndipo zikabvuta sipasowa wobwereka njinga kupita naye kucipatala. Kuno zimenezo kulibe. Belu likalira m'bandakuca anzace onse apita ku nchito, ndipo wodwalayo atsala yekha m'cipinda cozizira, wopanda wompatsa ngakhale cikho ca madzi kufikira madzulo. Cifukwa cace mau athu lero ndi awa: wokhala kucilendo adzipezere abale nthenda isanafike, pakuti mankhwala oyamba a fuluwenza ndiwo munthu wokhala pambali pa wodwala. Makolo athu anaziphunzira izi ndi misozi.

ZIMENE ZINACITIKA M'CAKA CA 1918

M'mwezi wa Seputembala 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse iri pafupi kutha, ija kwathu aicha Nkhondo ya Ciwaya, zombo ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zinakoceza ku Cape Town. Zinanyamula anthu akuda oposa 2,000 amene anapita kukathandiza nchito za nkhondo ku France, ndipo m'njira zinaima pa Freetown, ku Sierra Leone, kumene fuluwenza yoopsa inali itabuka kale. Anthuwo atatsika anawakweza masitima a pamtunda kuti apite kwao, ndipo nthendayo inakwera nao, nifalikira m'dziko lonse potsata njanji. Howard Phillips, wolemba mbiri wa ku University of Cape Town, awerenga kuti m'masabata 6 okha ku South Africa kunafa anthu pafupifupi 300,000. Mwezi umene maliro anacuruka koposa aukumbukira ndi dzina lakuti Okutobala Wakuda. Pa dziko lonse lapansi akufa ayesedwa kuti anafika 50 miliyoni, kuposa amene anaphedwa ndi nkhondo yeniyeniyo.

Nthenda ya caka cimeneco inali ndi khalidwe lacilendo. Fuluwenza ya masiku onse itenga makamaka nkhalamba ndi makanda, koma iyo inasankha anthu amphamvu a zaka 20 kufikira 40, ndiwo msinkhu wa anthu a m'migodi. Ku Kimberley, m'makomboni otsekedwa a migodi ya dayamondi ya De Beers, mmene anthu anagona mothithikana, munafa anthu oposa 2,500. Ndiko kunena kuti mwa anthu asanu ali onse, mmodzi sanadzukenso.

M'mwezi wa Okutobala nthendayo inafika ku Bulawayo pa njanji, nilowa m'migodi ndi m'mapulazi a Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kumene anthu a kwathu ambiri anali kugwira nchito. Poona anzao alikufa, ambiri anagwidwa ndi mantha, nathawa m'makomboni, nayamba ulendo wa pansi. Ena anafera m'njira popanda wowaika m'manda. Ena analowa m'midzi ya m'mbali mwa njira, nasiyamo nthenda. Pofika Novembala fuluwenza inali italowa ku Nyasaland, ndipo asilikari ndi amtengatenga obwerera ku nkhondo anaifikitsa ku midzi yakutali.

Madotolo a nthawi imeneyo analibe mankhwala a nthendayi, ndipo ngakhale coiyambitsa sanacidziwe. Koma cinthu cimodzi cinaoneka poyera m'mizinda ndi m'midzi momwe. Kumene kunapezeka anthu oyendera odwala, owapatsa madzi ndi msuzi ndi kuwafunditsa, ambiri anacira. Kumene nyumba yonse inagona tsiku limodzi popanda wosonkha moto, ludzu ndi njala zinathandiza nthenda kupha. Enanso anafa cifukwa anadzuka msanga, thupi litangozizira pang'ono, nabwerera ku nchito, cibayo ndi kuwagwira.

NTHENDAYI NDI CIANI

Lero tidziwa zambiri zimene makolo athu sanazidziwe. M'caka ca 1933 akatswiri a ku London anapeza kuti fuluwenza ya anthu iyamba ndi kacirombo kakang'ono koposa, kochedwa vairasi. Kacirombo aka kakhala m'mphuno, pakhosi ndi m'mapapo a wodwala, ndipo katuruka m'timadontho ta malobvu pamene atsokomola, ayetsemula kapena alankhula. Mnzace akapuma mpweya umenewo, kapena akagwira cikho pamene pagwera timadonthoto, nadzigwira m'maso kapena pamphuno, watenga. Papita tsiku limodzi kufikira masiku 4 asanamve kudwala, ndipo akhoza kupatsira ena kuyambira tsiku limodzi asanadzimve yekha kufikira monga sabata yathunthu. Ndico cifukwa cace cipinda cogona anthu ambiri, cikepe cotsikira pansi pa mgodi, lole yonyamula anchito kumunda ndi basi yotseka mazenera ndiwo malo amene nthendayi ikondwera nao.

Kacirombo aka kasintha pang'ono caka ndi caka, cotero thupi limene linakagonjetsa caka catha silikazindikira bwino caka cotsatira. Nthawi zina kasintha kwakukuru, ndipo pamenepo pabuka mliri wa dziko lonse, monga zinacitika mu 1918, 1957, 1968 ndi 2009. Ngakhale m'zaka zopanda mliri, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, liwerenga kuti fuluwenza ipha anthu 290,000 kufikira 650,000 caka ciri conse. Si cimfine cabe iai.

Kusiyana kwace ndi uku. Cimfine cibwera pang'onopang'ono, mamina acuruka, koma munthu ayenda nagwira nchito. Fuluwenza igwa mwadzidzidzi: m'mawa munthu ali bwino, masana thupi latentha, alikunjenjemera, mutu uwawa, m'thupi monse mwaphwanya ngati wamenyedwa ndi zibonga, ndipo cifuwa ndi couma. Koma cenjerani apa, pakuti zizindikiro zimenezi zifanana ndi za malungo. Ngati mwabwera kumene kucokera kumudzi, kapena mwadzera ku Tete, kapena mugwira nchito m'zigwa zotentha za Limpopo ndi Zambezi, thupi likatentha pitani tsiku lomwelo akakuyeseni magazi, ndipo muwauze kumene mwayenda. Malungo oyesedwa fuluwenza apha munthu m'masiku owerengeka.

KUKONZEKA NTHENDA ISANAFIKE

Coyamba ndi katemera. M'caka ca 1918 migodi ya golidi ya ku Joni siinaone maliro ambiri monga Kimberley, ngakhale anthu zikwi zambiri anadwala. Olemba mbiri anena kuti kumeneko kunayamba kufika fuluwenza yofatsa, yodzera ku Durban, ndipo matupi a anthu anaphunzira kulimbana nayo yoopsayo isanadze. Katemera acita nchito yomweyo popanda kumgoneka munthu: aphunzitsa thupi kuzindikira mdani asanafike. Kuno kumwera fuluwenza icuruka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndipo katemera atenga masabata 2 kuti agwire mphamvu. Cotero nthawi yabwino yobayitsa ndiyo Marichi kapena Epulo, koma wocedwa abayitsebe. Abayitsa caka ndi caka cifukwa ca kusintha kuja. Katemera satseka khomo kotheratu, koma wobayitsa akadwala, kawirikawiri nthenda yace ikhala yopepuka. Funsani ku kiliniki ya pa mgodi kapena ya boma iri pafupi nanu.

Amene ayenera kutsogola ndi awa: amai apakati, okalamba, ana aang'ono amene akwanitsa miyezi 6, a matenda a shuga, a mtima, a mphumu, a cifuwa cacikuru, okhala ndi HIV, ndi inu amene mapapo anu adya pfumbi la miyala pansi pa mgodi zaka zambiri. Tisaiwale kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa Wenela kulemba anthu a maiko otentha a kumpoto, pamodzi ndi Nyasaland, cifukwa cibayo cinali kuwapha kwambiri ku Joni. Cisanu ca kumeneko cikalipo kufikira lero.

Caciwiri ndi kabokosi ka pansi pa bedi. Pa tsiku la malipiro a Epulo, musanatumize ndarama kumudzi, patulani pang'ono mugule panado, sopo, shuga, mcere, ufa wa phala, masamba a tiyi, bulangeti lina, ndi cigubu ca madzi cokhala ndi cibvundikiro. Amene mumwa mankhwala a masiku onse, ma ARV, a cifuwa cacikuru, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, onetsetsani kuti muli nao okwanira. Khadi la kucipatala, pasipoti ndi cikalata ca nchito zikhale pamodzi pamalo podziwika, ndi kapepala kolembapo dzina lanu lenileni, mudzi wanu, mfumu yanu, boma lanu, ndi nambala ya foni ya mbale wa kumudzi. Ambiri a ife tidziwika pa nchito ndi maina ena. Mwa aja tiwacha machona, alipo amene sanaiwale kwao konse. Anangofera pakati pa anthu osadziwa kolembera kalata.

Cacitatu, ndico cacikuru, ndi pangano. Akuru anati kali kokha n'kanyama, tiri tiwiri n'tianthu. Munthu ali yense apeze mnzace mmodzi kapena awiri, makamaka a shifiti yosiyana ndi yace, apangane kuti wina akagona, winayo adzamuona m'mawa ndi madzulo, adzamtungira madzi, adzamphikira, adzauza kapitao, ndipo zikabvuta adzapita naye kucipatala. Musafune wa kwanu yekha. Mshona, Msutu kapena Mshangani amene mugona naye cipinda cimodzi ndiye adzamva kubuula kwanu usiku. M'mapulazi, mmene nyumba zitalikirana ndipo kiliniki iri kutali, panganiranitu za galimoto: ali nayo ndani, adzalankhula ndi mwini pulazi ndani, ndarama ya mafuta idzacokera kuti. Zotere sazikamba pakati pa usiku wodwala alikubanika.

NTHENDA IKALOWA M'CIPINDA

Wodwala agone. Tibwerezanso: agone, asatsike mgodi, asapite kumunda. Munthu wotentha thupi nzeru zace zicedwa ndi manja ace omwe. Pafupi ndi makina aika moyo wace ndi wa anzace pangozi, ndipo apatsira gulu lonse. Amwe zamadzi kawirikawiri ngakhale alibe ludzu: madzi oyera, tiyi, maheu, msuzi, phala lamadzi. Ngati aturuka thukuta kwambiri kapena atsegula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono. Panado acepetsa kutentha ndi kuphwanya kwa thupi. Wamkuru amwe mapiritsi 2 a 500 mg, napumire maola 6, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku limodzi ndi usiku wace. Ayang'anenso mankhwala a cimfine ogula m'sitolo, pakuti ambiri ali ndi panado yemweyo m'kati. Ana musawapatse asipirini. Mowa ndi kacasu sizicotsa fuluwenza. Ziumitsa thupi, ndipo pamodzi ndi panado zipweteka ciwindi. Fodya ayambe waleka. Makapisozi aja ogula pamsika, a mtundu wa penisilini, sapha vairasi. Nchito yao ndi ya cibayo, ndipo aperekedwa ndi dotolo atamuyesa munthu.

Bedi la wodwala likhale pambali monga kungathekere. Cikho, supuni ndi mpango zikhale zace yekha. Atsokomolere m'mpango kapena m'kati mwa cigongono, ndipo asalabvule pansi. Womsamalira abvale cophimba pamphuno ndi pakamwa, monga tinazolowera mu 2020 pa mliri wa Covid-19, nasambe m'manja ndi sopo akamgwira. Zenera likhale lotsegula pang'ono ngakhale kuzizire, pakuti mpweya woyenda ucotsa tizirombo m'cipinda. Ndipo pano pali cenjezo limene tilinena ndi mtima wonse: musagone ndi mbaula ya makala kapena malasha m'cipinda cotseka. Moto wotere uturutsa mpweya wakupha wopanda pfungo. Uyamba ndi mutu ndi cizungulire, zofanana ndi fuluwenza yomwe, ndipo anthu agona osadzukanso. Otherani moto panja, mbaula iturutseni musanagone, onjezani bulangeti.

NTHAWI YOPITA KUCIPATALA

Anthu ambiri thupi lizizira pakapita masiku 3 kapena 4, nacira m'sabata imodzi, ngakhale cifuwa ndi kufoka zitsalira kwa kanthawi. Koma womsamalira ayang'anire izi: kupuma mobanika kapena mofulumira, kubaya m'nthiti, milomo, lilime kapena zikhadabo zotuwa ngati phulusa, makhololo a magazi, kubwebweta kapena tulo tobvuta kudzutsa, kusanza ciri conse, kusakodza tsiku lonse, ndiponso munthu amene anayamba kupeza bwino, thupi ndi kutenthanso koposa kale. Cimodzi mwa izi cikaoneka, nthawi yodikira yatha, pitani naye kucipatala ngakhale ndi usiku. Mwana amene akana kuyamwa, kapena nthiti zace zilowa m'kati popuma, thamangani naye comweco. Aja tawachula kuti atsogole pa katemera asadikire zizindikiro izi. Aonane ndi dotolo m'masiku 2 oyamba, pakuti alipo mankhwala ochedwa oseltamivir amene athandiza koposa akayambidwa msanga.

Tidziwa zimene zimanga miyendo ya ambiri: mantha a mapepala ndi manyazi a cilankhulo. Dziwani kuti lamulo lalikuru la South Africa, m'ndime 27, linena kuti munthu ali yense asakanizidwe cithandizo ca cipatala pa nthenda yadzidzidzi yoopsa, ndipo mau akuti ali yense sasankha mtundu. Pa foni ya m'manja nambala ya ngozi kumeneko ndi 112. Wosadziwa cilankhulo ca pamalopo atenge womasulira. Imeneyi ndi imodzi ya nchito za pangano lija.

Cina cimene cidzutsa wodwala nthawi isanakwane ndi malipiro: aopa kuti tsiku logona ndi tsiku lopanda ndarama, ndipo kumudzi ana adikira fizi. Koma malamulo a nchito alipo. Ku South Africa wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 30 a kudwala olipidwa m'zaka 3 ziri zonse, wogwira masiku 6 ali ndi 36. Wongoyamba kumene, m'miyezi 6 yoyamba, apata tsiku limodzi pa masiku 26 ali onse amene wagwira. Akagona kupitirira masiku 2 otsatana, bwana akhoza kufuna kalata ya dotolo. Ku Zimbabwe lamulo lilola kufikira masiku 90 pa caka ndi malipiro athunthu, kalata ya dotolo ikakhalapo. Cotero musacoke kucipatala opanda kalatayo. Bwererani ku nchito thupi litazizira lokha tsiku lathunthu popanda panado, ndi mphamvu zitabwerera. Wogona ndi fuluwenza ataya sabata, wogona ndi cibayo ataya mwezi, ndipo wina ataya zonse.

MUSATHAWIRE KUMUDZI

Munthu akadwala mtima uthawira kwao, ndipo anena, ndikafere kwathu. Tiumvetsa mtima umenewo, pakuti ndi wathu tonse. Koma ulendo wa basi wocokera ku Joni kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kufikira pa Mwanza utenga masiku 2 kapena kuposa, m'mphepo ya usiku ndi m'mizere ya pa malire, ndipo wodwala fuluwenza ulendo wotere ukhoza kumgwetsa m'cibayo. Apatsiranso okhala naye m'basimo, ndipo pofika, oyamba kumfungatira ndiwo agogo ndi ana, amene nthendayi iwapha msanga. Njanji inacita zimenezi mu 1918, basi ikhoza kuzicita lero. Yambani mwacira, mudzapite kwanu ndi mphatso m'manja.

M'mizinda ndi m'migodi ya kuno anthu a kwathu akhala ndi mabungwe a maliro kuyambira kale, ndipo nchito yao ndi yolemekezeka, pakuti palibe afuna kuikidwa ngati wopanda abale. Ife tipempha akuru a mabungwe amenewa, ndi a mipingo ndi a mizikiti, kuti pa msonkhano wao wa Marichi kapena Epulo aikepo nkhani ya odwala. Alembe maina a okhala okha, a okalamba ndi a cifuwa. Agawane zipinda zoyendera. Apatule kandarama ka panado, ufa ndi galimoto. Bungwe lodziwa kusonkha ndarama za bokosi ndi zonyamulira mtembo kufikira kumudzi silingalephere kusonkha za phala. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Madzulo ano, pobwera ku nchito, gogodani pa citseko ca mnzanu amene simunamuone lero, mumfunse ngati wamwa madzi. Tsalani bwino, abale, ndipo cisanu cikupezeni okonzeka.